Maiko Ang'ono a Madzi Oundana: Kutembenuka Kwao ndi Maumbidwe Ao

Kuseri kwa Neptune, dziko lotsiriza mwa maiko asanu ndi atatu akuru-akuru amene azungulira dzuwa, kuli dera lalikuru la mdima ndi cisanu. Kucokera pa dziko lino lapansi kufika ku dzuwa pali mailosi 93,000,000. Mtunda umenewo ukayesedwa kokwana 30 ndiye kuti munthu wafika kwa Neptune, ndipo dera limene likambidwa pano liyambira pomwepo, nilitambalala kufikira pa miyeso yotere 50. Kumeneko dzuwa lioneka ngati nyenyezi imodzi yowala kopambana zinzace, ndipo kuzizira kwace n'kwakuti madzi alimba ngati mwala wa pansi pa mgodi, osasungunuka konse.

M'dera limenelo muli maiko ang'ono-ang'ono ambiri-mbiri, opangidwa ndi miyala yosakanizika ndi madzi oundana. Loyamba kuoneka linali Pluto, amene Clyde Tombaugh anampeza m'caka ca 1930. Kwa zaka zambiri Pluto anaoneka ngati mlendo wokhala yekha kumalire. Koma m'caka ca 1992 David Jewitt ndi Jane Luu, ali pa nchito pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, anapeza kadziko kena, ndipo kuyambira pamenepo apezeka ena zikwi zingapo. Dera lonselo lichedwa Lamba wa Kuiper, potsata dzina la Gerard Kuiper amene analemba za malo amenewo m'caka ca 1951.

Tsono bvuto lace nali. Ngakhale m'telesikopu yaikuru ndithu, pafupi-fupi onse a maiko amenewa aoneka ngati kadontho kamodzi ka kuwala, kopanda m'mphepete, kopanda mutu kapena mcira. Komabe m'mabuku a akatswiri a za nyenyezi mwalembedwa kuti ili litembenuka kamodzi pa maola anai, ilo liri ngati dzira, lina liri ngati nshawa ya njere ziwiri. Munthu wocenjera ayenera kufunsa kuti, Kodi adziwa bwanji? Anapitako ndani kukayesa ndi cingwe?

Kuwala kumene kukula ndi kucepa

Maiko amenewa alibe moto wao-wao. Kuwala kumene aoneka nako n'kwa dzuwa, kumene kugunda pa iwo ndi kubwerera. Cotero kuculuka kwa kuwalako kutsata ukulu wa mbali imene yapenya kuno.

Munthu ataima pa culu kutali, atanyamula lata latsopano, nayamba kulitembenuza pang'ono-pang'ono padzuwa, mnzace amene ali patali sangathe kuzindikira kuti ndi lata. Cimene aona ndico kuwala kumene kukula pamene latalo lampenya ndi nkhope yace yonse, ndi kucepa pamene lamlozetsa m'mphepete mwace. Lata likatembenuka kamodzi, kuwala kukula kawiri ndi kucepa kawiri, pakuti liri ndi nkhope ziwiri. Woonayo akakhala ndi wochi angathe kunena liwiro la kutembenuka kwa cinthu cimene sanacione bwino. Akayesanso kusiyana kwa kuwala kwakukuru ndi kwakung'ono, angathe kunena ngati cinthuco n'cacitali kapena cobulungira, cifukwa mpira wosalala ukatembenuka kuwala kwace sikusintha ai.

Iyi ndiyo nchito imene akatswiri acita. Ajambula kadontho kaja mobwereza-bwereza usiku wonse, mawa lace cimodzi-modzi, mwina kwa masabata, nayesa kuwala kwa cithunzi ciri conse. Ndi nchito yofuna kupirira, pakuti mitambo isokoneza, mwezi ukawala usokoneza, ndipo kukaca nchito iima ngakhale dzikolo lisanatsirize kutembenuka.

Pali msampha umodzi m'njira imeneyi. Mpira wobulungira bwino, koma wa mbali yina yoyera ndi yina yakuda, nawonso usintha kuwala potembenuka, koma kamodzi kokha pa ulendo umodzi. Pluto ali wotere. M'caka ca 1955 Merle Walker ndi Robert Hardie anaona kuti kuwala kwace kubwereza pa masiku 6 ndi maola 9, ndipo zithunzi za masiku ano zatsimikiza kuti Pluto ndi wobulungira, wa mawanga oyera ndi akuda. Cotero kuwala kukabwereza pa maola atatu, katswiri ayenera kusankha pakati pa mayankho awiri: kapena ndi mpira wamawanga wotembenuka pa maola atatu, kapena ndi dzira lotembenuka pa maola asanu ndi limodzi.

Mlandu wotere unaweruzidwa pa dziko lochedwa Varuna, limene linapezeka m'caka ca 2000, ndipo kupingasa kwace ndi mailosi ngati 400. David Jewitt ndi Scott Sheppard analiyang'anira nalengeza zimene anapeza m'caka ca 2002. Anaona kuti kuwala kwa Varuna kukula kawiri mosalingana, cimene cisonyeza nkhope ziwiri zosiyana pang'ono. Anaonanso kuti mtundu wa kuwalako susintha, pamene mawanga kawiri-kawiri asintha ndi mtundu womwe. Ndiponso anawerengera kuti dziko lopepuka la madzi oundana likadatembenuka pa maola atatu okha, likadamwazika. Motero anagamula kuti Varuna ndi wamtali ngati dzira, ndi kuti tsiku lace liri la maola 6 ndi mphindi 20.

Mphamvu ziwiri zolimbana

Nanga n'cifukwa ninji dziko lina likhala lobulungira, lina lalitali? Pa dziko liri lonse pali mphamvu ziwiri zimene zilimbana. Yoyamba ndiyo mphamvu yokoka, yomwe igwetsa mwala m'dzenje; imeneyi ikokera zinthu zonse pakati, ndipo ikapambana iumba mpira. Kadziko kakacepa, mphamvuyi ilephera kugonjetsa kulimba kwa miyala, ndipo kadzikoko kakhala ndi maumbidwe ali onse, monga mbatata kapena cigumu ca dothi. Koma dziko la madzi oundana likafika pa mailosi ngati 250 kupingasa kwace, kulemera kwace komwe kuyamba kufinya za m'kati mpaka zigonja ngati phula. Mimas, mwezi wa Saturn, uli wa msinkhu umenewo ndipo ndi wobulungira.

Mphamvu yaciwiri ibadwa ndi kutembenuka. Ali yense wokwera njinga nthawi ya dzinja adziwa m'mene matope athawira pa gudumu likathamanga, ndipo amene agwira nchito m'shopu ya pa mgodi adziwa cifukwa cace mwala wonolera zitsulo uli ndi malire a liwiro lace: ukapitirira pamenepo uphulika. Dziko lotembenuka nalonso likankhira katundu wace kunja, maka-maka pa mimba pace, kumene liwiro liri lalikuru.

Isaac Newton analemba m'caka ca 1687 kuti pa cifukwa cimeneci dziko lapansi liyenera kukhala lotupa pa mimba, ndipo ananena zoona: kupingasa kwace pa mimba kuposa kwa kumpoto ndi kumwera ndi mailosi 27. Colin Maclaurin wa ku Scotland anasonyeza ndi masamu m'caka ca 1742 kuti liwiro likakula, mpira uphwatalala nukhala ngati dzungu. Pambuyo pace, m'caka ca 1834, Carl Jacobi wa ku Germany anapeza cinthu cimene anzace sanaciyembekeze. Anati kutembenuka kukapitirira muyeso wina, dzungu lija lileka kukhala lozungulira pa mimba, nilitalika mbali imodzi, nilikhala ndi miyeso itatu yosiyana: utali, cifupi ndi kucindikala. Fanizo lace ndilo mwana wa mphero, mwala wosalala umene amai aperera nao, utagonekedwa pansi ndi kuzunguzidwa ngati nguli. Jacobi anafa osaona dziko lotere ndi limodzi lomwe. Masamu ace anadikira zaka zoposa 160 kuti mboni ipezeke kumwamba.

Phindu lalikuru la masamu amenewa liri apa. Dziko lolemera, la miyala yambiri, likoka zolimba ndipo silitanuka msanga. Dziko lopepuka litanuka ngakhale pa liwiro locepa. Cotero munthu akadziwa liwiro ndi maumbidwe, angathe kuwerengera za m'kati zimene sanaziboole. Wa kumgodi adziwa kuti ngolo yodzala ndi mwala ilemera kwambiri kuposa ngolo yomweyo yodzala ndi madzi, pakuti mwala wamba ulemera kawiri ndi theka kapena katatu kuposa madzi a muyeso womwewo. Varuna atayesedwa motere anapezeka wolemera ngati madzi cabe. Popeza ayenera kukhala ndi miyala yina m'kati, Jewitt ndi Sheppard anaganiza kuti thupi lace liri ndi mipata, ngati mulu wa miyala yophwanyidwa umene sunatsenderedwe.

Haumea, nguli ya kumalire

Mwa maiko onse akuru-akuru a dzuwa lino palibe lotembenuka msanga kuposa Haumea. Tsiku lace lonse, usana pamodzi ndi usiku, litha pa maola 3 ndi mphindi 55. Munthu wolowa shifiti ya maola 8 kumeneko akadaona dzuwa likuturuka kawiri ndi kulowa kawiri asanaweruke. Koma caka cace n'cacitali: kuti azungulire dzuwa kamodzi papita zaka zoposa 280 za kuno.

Za amene anayamba kumuona panali mkangano. Gulu la Michael Brown la ku America linamzindikira m'December 2004, koma lisanalengeze, gulu la José Luis Ortiz la ku Spain linalengeza m'July 2005, litampeza pa zithunzi zojambulidwa ku Sierra Nevada m'caka ca 2003. Bungwe la akatswiri a za nyenyezi a maiko onse linaweruza mocenjera ngati nkhoswe yosafuna kukhumudwitsa banja liri lonse: m'caka ca 2008 linalemba Sierra Nevada kukhala malo opezerako, koma linalandira dzina locokera ku gulu la Brown, ndilo la mulungu wamkazi wa kubala wa anthu a ku Hawaii.

Kuwala kwa Haumea kukula ndi kucepa kawiri pa ulendo uli wonse, ndipo kusiyana kwace ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Pamenepo akatswiri anazindikira kuti uyu ndiye mwala wa Jacobi uja. Utali wace uli pakati pa mailosi 1,300 ndi 1,450, pafupi-fupi ngati ulendo wa ndege wocokera ku Lusaka kunka ku Cape Town. Cifupi cace ndi mailosi oposa pang'ono 1,000. Kucindikala kwace ndi mailosi ngati 650 okha. Nsonga zace ziwiri zithamanga mailosi oposa 1,000 pa ola, ndipo thumba la ufa lonyamulidwa kucokera pakati pa msana wace kunka ku nsonga likadamka lipepuka m'njira monse, cifukwa kumeneko mphamvu yotaya kunja idya gawo lalikuru la mphamvu yokoka.

Haumea ali ndi miyezi iwiri, Hi'iaka ndi Namaka, imene inaoneka m'caka ca 2005. Miyezi ithandiza kwambiri pa nchito yoyesa, pakuti liwiro limene mwezi uzungulira nalo liulula kulemera kwa mwini wace. Hi'iaka azungulira kamodzi pa masiku 49, ndipo kucokera pamenepo kunadziwika kuti Haumea alemera ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a Pluto. Kunja kwace awala ngati matalala ogwa kumene, cifukwa wakutidwa ndi madzi oundana oyera, koma kulemera kwace kuposa kwa madzi kawiri. Ndiko kuti m'kati ndi mwala, ndipo madzi oundanawo ndi cikopa cabe.

Pano nkhani ya maumbidwe isanduka nkhani ya mbiri. N'ciani cinazunguza dziko lalikuru cotere mpaka litanuke, ndi kulisenda cikopa? M'caka ca 2007 gulu la Brown linasonyeza kuti pali maiko ena ang'ono oyenda m'njira zofanana ndi ya Haumea, onse oyera ndi madzi oundana monga iye, pamene anansi ao ambiri ali ofiirira kapena otuwa. Anati amenewa ndi zibenthu zace. Kalekale dziko lina linamgunda cammbali, monga mwana akwapula nguli ndi mkwapulo, nilimsiya akuzungulira, ndipo cikopa cace cinamwazika; zibenthu zina zinatsala pafupi kukhala miyezi, zina zinapita. Akatswiri ena atsutsa kuti zibenthuzo sizinabalalike kutali monga zikadacitira pa kugundana kwaukali. Iwo ati maiko awiri anakhudzana, nabwererana, naphatikana, ndipo kutembenuka kutakula zedi madzi oundana anathothoka okha ku nsonga. Onse abvomerezana pa cinthu cimodzi, kuti liwiro la Haumea ndi cipsera ca ngozi yakale.

Kuyesa dziko ndi mthunzi wace

Pali njira yaciwiri yoyesera, yoposa yoyamba kulongosoka, koma mwai wace upezeka kamodzi-kamodzi. Nthawi zina kadziko kotere kadutsa ceni-ceni patsogolo pa nyenyezi yakutali, ndipo nyenyeziyo izima kanthawi, monga nyale ya m'mbali mwa mseu ibisika lole ikamadutsa. Lole yaitali ibisa nyale nthawi yaitali. Popeza liwiro la kadzikoko lidziwika, nthawi ya kuzimako ipereka utali wa mzere umodzi wodutsa pa thupi lace. Anthu akaima m'malo osiyana-siyana, yense apeza mzere wace, wina wa pakati, wina wa m'mphepete, wina osaona kanthu. Mizereyo ikalembedwa pamodzi pa pepala, cithunzi ca mthunzi cituruka.

Pa 21 January 2017 mthunzi wa Haumea unadutsa pakati pa Ulaya, ndipo matelesikopu 12 a m'malo 10 anaona nyenyezi ikuzima. Ortiz yemwe uja ndiye anatsogolera nchitoyi. Haumea anapezeka wamkuru kuposa m'mene anaganizira kale, cotero wopepukirapo pa muyeso wace. Koma cozizwitsa cinali cakuti nyenyeziyo inaphethira pang'ono Haumea asanafike, niphethiranso atapita. Cimene cinaicititsa ndi mkombero wa tizibenthu, wa mailosi ngati 43 m'cifupi mwace, wozinga dzikolo pa mimba. Haumea atembenuka katatu pamene tizibenthuto tizungulira kamodzi. Mikombero yotere inali itaoneka kale m'caka ca 2013 pa Chariklo, kadziko koyenda pakati pa Saturn ndi Uranus, ndipo ya Quaoar inalengezedwa m'caka ca 2023. Cotero si Saturn ndi maiko akuru okha amene abvala zibangiri.

Miyeso yatsopanoyo sinagwirizane kweni-kweni ndi masamu a Jacobi, amene anawerengera cinthu cofanana m'kati monse. Akatswiri atawerengeranso ndi mtima wa mwala ndi cikopa ca madzi oundana, zinagwirizana bwino.

Maiko amene anagwidwa buleki

Pluto, wa mailosi 1,477 kupingasa kwace, ali ndi mbiri yina. Mwezi wace waukuru Charon, umene James Christy anaupeza m'caka ca 1978, ndi theka la Pluto kukula kwace, ndipo uli pafupi, mailosi 12,200 okha. Awiriwa akokana zolimba, ndipo kukokanako kunagwira nchito ya buleki mpaka onse anafika potembenuka pa nthawi yomweyo imene azungulirana, masiku 6 ndi maola 9. Tsopano apenyana nkhope imodzi-modzi masiku onse. Wokhala mbali yina ya Pluto aona Charon ataima malo amodzi kumwamba. Wokhala kuseri sadzamuona konse. Eris, amene alingana ndi Pluto kukula, anagwidwanso cimodzi-modzi ndi mwezi wace Dysnomia, ndipo tsiku lace liri pafupi masiku 16 a kuno.

Combo ca New Horizons, cimene cinanyamuka ku America m'January 2006, cinadutsa pa Pluto pa 14 July 2015, ndipo sicinapeze kutupa kuli konse pa mimba pace. Pluto akadaumiratu m'kati pamene anali kutembenuka msanga, kutupako kukadatsala. Akatswiri ambiri aona pamenepa cizindikiro cakuti m'kati mwace munali mofunda ndi mofewa nthawi yaitali. Timiyezi tace tating'ono tokha nditimene sitinamvere buleki: Hydra atembenuka kamodzi pa maola 10, pamene ulendo wace wozungulira Pluto utha masiku 38.

Nshawa ya njere ziwiri

M'caka ca 2004 Sheppard ndi Jewitt analengeza za kadziko kochedwa 2001 QG298, kamene kuwala kwace kanali kucepa pafupi-fupi katatu, kawiri pa maola 13 ndi mphindi 46. Dzira lotanuka ndi liwiro silingasinthe kuwala cotere, ndiponso liwiro lace linali locepa. Yankho lao linali lakuti ndi zinthu ziwiri zogundana mitu, ngati nshawa m'khoko lace. Cina cikabisala kuseri kwa cinzace kuwala kugwa. Pedro Lacerda anayesanso kadzikoko m'caka ca 2010 napeza kuti kusiyana kwa kuwala kwacepa, monga kuyenera kucitikira nshawa yopendekeka imene yasuntha pa njira yace, nioneka tsopano cammbali.

Komabe zonsezi zinali zowerengera pa kadontho. Wokayika akadatha kunena kuti akatswiri angolota. Mpata woyesa nzeru zao unafika ndi kadziko kamene telesikopu ya Hubble inakapeza m'June 2014, pofuna-funa malo ena oti New Horizons akaone atapitirira Pluto. Lero kachedwa Arrokoth, mau otanthauza thambo m'cinenero ca anthu a Powhatan a ku America.

Poyamba anakayesa ndi mthunzi. Pa 17 July 2017 Marc Buie ndi anzace anandandika matelesikopu onyamula 24 ku Patagonia, kumwera kwa Argentina, m'nyengo ya cisanu ndi mphepo yaukali. Anthu a ku Comodoro Rivadavia anawathandiza: anazima nyale za m'miseu, anatseka mseu waukuru kwa maola awiri, naimika malole kuti achinge mphepo. Matelesikopu asanu anaona nyenyezi ikuphethira, ndipo mizere yao inajambula zinthu ziwiri zophatikana. Pa 4 August 2018 nchito yomweyo inacitikanso ku Senegal, kumene akatswiri a dzikolo anagwira pamodzi ndi alendo pakati pa mitambo ya dzinja.

Combo citayandikira panabuka cododometsa. Ngati kadzikoko kali ka njere ziwiri, kuwala kwace kuyenera kusintha kwambiri, koma sikunasinthe. Kodi mthunzi unanama? Pa 1 January 2019 New Horizons anadutsa pa mtunda wa mailosi 2,200, akuthamanga mailosi 32,000 pa ola, ali kutali ndi dziko lapansi mailosi oposa 4,000,000,000, kotero kuti mau ace a pa wailesi anatha maola 6 m'njira. Zithunzi zitafika, nshawa ija inaoneka poyera, yofanana ndithu ndi cithunzi ca mthunzi. Utali wace ndi mailosi 22, ngati mtunda wa pakati pa Ndola ndi Luanshya. Ndipo cinsinsi ca kuwala cinamasuka: Arrokoth atembenuka kamodzi pa maola 16, koma ekiselo yace yaloza ca kudzuwa, kotero kuti woona ali kuno ali ngati munthu woima kutsogolo kwa fani, amene aona mapiko onse nthawi zonse. Njira ya kuwala iri ndi khungu lace pamenepa, ndipo n'kutheka kuti nshawa zambiri zabisala motere.

Cimene mthunzi sunathe kuulula n'cakuti njere ziwirizo n'zaphwatalala. Yaikuru, yochedwa Wenu, iri ngati citumbuwa, mailosi ngati 13 m'cifupi. Yaing'ono, Weeyo, ndi yobulungirapo. Pa khosi pamene zikomana palibe ming'alu yaikuru kapena kuphwanyika, ndipo ziwirizo zagona molingana, ngati mbale ziwiri zoikidwa pa thebulo limodzi. Zinthu ziwiri zocokera kosiyana, zogundana mwangozi, sizingagone cotere. Akatswiri a New Horizons anawerengera kuti zinabadwira pamodzi m'mtambo umodzi wa pfumbi ndi timiyala, zinazungulirana nthawi yaitali zikusenderana, ndipo potsiriza zinakhudzana pa liwiro longa la munthu woyenda pansi.

Umboni umenewu ndi wolemera, cifukwa kwa zaka zambiri panali maganizo awiri pa za ciyambi ca maiko. Ena anati timiyala tinagundana mwamphamvu, tina kuphwanyika tina kuphatikana, mpaka patapita nthawi yaitali panakhala zazikuru. Ena anati timiyala tinasonkhana m'magulu m'kati mwa mpweya umene unazinga dzuwa lisanakhwime, ndipo gulu likalemera linagwera pamodzi mofatsa ndi mosacedwa. Arrokoth ayenda m'njira imene sinasokonezeke ciyambire zaka ngati 4,500,000,000 zapitazo, ndipo thupi lace liri ndi maenje owerengeka okha a kugundidwa. Maumbidwe ace aima ku mbali ya ganizo laciwiri. Ngakhale Wenu yemwe aoneka kuti anamangidwa ndi timilu tingapo tolingana msinkhu, toikidwa pamodzi popanda kuswana.

Zina mwa zinthu za kumalireko zisocera nthawi zina, nizigwera kufupi ndi dzuwa, ndipo zikayamba kufuka nthunzi anthu aziona ngati nyenyezi za mcira. Imodzi mwa izo, 67P/Churyumov-Gerasimenko, inacezeredwa ndi combo ca ku Ulaya cochedwa Rosetta m'caka ca 2014, ndipo nayonso inapezeka ya njere ziwiri zolumikizana pa khosi, ya mailosi osafika atatu. Pofika Rosetta inali kutembenuka pa maola 12 ndi mphindi 24. Itadutsa pafupi ndi dzuwa m'caka ca 2015, nthunzi zoturuka m'mbali mwace zinaikankha, ndipo tsiku lace linafupika ndi mphindi ngati 20.